Kukonzera Bilimankhwe Wamng'ono Malo Okhala M'nyumba ya Kunja

Mwana wobadwira ku Leeds, ku Dublin kapena ku Dallas akapempha kuti aziweta bilimankhwe m'chipinda mwake, kholo lokulira kumudzi limayamba ladzidzimuka. Ambirife tinakula tikumuopa bilimankhwe. Tinamva nthano yakuti anazengereza panjira ndi uthenga wa moyo wochokera kwa Chauta mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa, ndipo tinkachenjezedwa kuti tisamukhudze. Zoona zake n'zakuti bilimankhwe alibe ululu, ndipo mtundu waung'ono umene m'masitolo a ziweto amautchula pygmy chameleon sungathe n'komwe kuboola khungu la munthu. Woyenera kudera nkhawa ndi kanyamako, chifukwa nyumba zathu za kunja kuno n'zotentha ndiponso zouma kuposa mmene thupi lake lingapirire. Choncho lamulo lalikulu n'limodzi: yambani mwamanga kankhalango, muone kuti kakhazikika, kenako mukagule mwini wake.

Mudziweni kaye

Mtundu umene umawetedwa kwambiri ndi Rieppeleon brevicaudatus, wa m'nkhalango za kum'mawa kwa Tanzania, monga za m'mapiri a Usambara ndi Uluguru. Wamkulu amatalika masentimita pafupifupi 8 kuphatikiza mchira, ndipo ali ndi kandevu ka mamba pansi pa chibwano. Sakhala pamwamba pa mitengo ngati bilimankhwe amene timamuona akuwoloka msewu nthawi ya dzinja. Masana amayenda pansi m'masamba ofumbwa kusaka tizilombo, madzulo n'kukwera kanthambi kakang'ono kukagona. Maonekedwe ake ndi a tsamba louma, ndipo amangosinthasintha pakati pa mtundu wa khofi, wotuwa ndi wobiriwira pang'ono. Ukamugwira amanjenjemera thupi lonse, njira yake yothamangitsira adani. Amakhala ndi moyo chaka chimodzi mpaka zitatu basi. Muuzeni mwana zimenezi pachiyambi pomwe, ndipo adziwenso kuti aka n'kanyama koonera ndi maso, osati koseweretsa m'manja.

Kumene mungamupeze, ndi kumene simuyenera kumutenga

Malawi ali ndi mitundu yakeyake ya abilimankhwe aang'onowa. Ku Mulanje kuli Rhampholeon platyceps. Ku Malawi Hills, m'boma la Nsanje, kuli Rhampholeon chapmanorum, amene asayansi anamulemba koyamba mu 1992 ndipo ali m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Nkhalango yake yatha ndi nkhwangwa: kafukufuku anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse anadulidwa pakati pa 1984 ndi 2019. Akatswiri a South African National Biodiversity Institute ndi a Museums of Malawi atakafufuza mu 2016 anamupeza akadalipo m'tizidutswa ta nkhalango totsala. Ndiye musayerekeze kutuma m'bale kuti akugwirireni kamodzi kuphiri n'kukabisa m'chikwama pobwera. Kutulutsa nyama yakutchire m'Malawi popanda chilolezo cha dipatimenti yoona za nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo kamodzi kochotsedwako kamachepetsa mtundu umene watsala kale wochepa.

Pamsonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitundu yonse ya Rhampholeon ndi Rieppeleon inaikidwa pa Appendix II, kutanthauza kuti kuiwolotsa malire a dziko kumafuna mapepala. Chaka chomwecho Tanzania inaletsa kutumiza kunja nyama zamoyo zakutchire, choncho tinyamati tinayamba kusowa m'masitolo. Funani woweta amene amaswetsa yekha. Mufunseni kuti kanaswedwa liti, kakudya chiyani, ndipo akupatseni kalata yosonyeza kumene kanachokera. Kogwidwa kutchire kamafika kotopa, kouma m'thupi, nthawi zambiri kali ndi njoka zam'mimba.

Ku England ndi ku Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 sililola kugulitsa chiweto kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo udindo wosamalira chiweto cha mwana uli pa kholo. Ku South Africa malamulo oweta zokwawa amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho funsani ofesi yoona zachilengedwe ya m'chigawo chanu. Ngati mukuchita lendi, onaninso pangano lanu ndi eni nyumba.

Bokosi ndi poliika

Gulani bokosi lagalasi, limene amalitcha terrarium, lotsekukira kutsogolo, lokhala ndi sefa pamwamba ndi timabowo ta mpweya m'munsi mwa zitseko. La masentimita 45 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu limakwanira kamodzi, kapena kamphongo kamodzi ndi tathazi tiwiri. Amphongo awiri musawaike pamodzi, chifukwa wofooka amasiya kudya. Khola lasefa yokhayokha limene amawetera abilimankhwe akuluakulu silisunga chinyezi, ndipo thanki ya nsomba yotsekedwa ndi galasi pamwamba imasunga mpweya woipa.

Malo oliika ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pawindo pofika dzuwa ayi, chifukwa galasi limatentha mkati m'mphindi zochepa. Pafupi ndi hita kapena radiator ayi, kukhitchini ayinso. Sankhani chipinda chozizirirapo m'nyumba monse, pakona popanda phokoso, patebulo lolimba pamene mphaka sangafike.

Kuyala pansi

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, poti kanyamaka kamakhala pansi nthawi yambiri. Yambani ndi timipira tadothi lowotcha, timene amagulitsa m'masitolo a maluwa, mutiyale kufika masentimita 4 kapena 5. Madzi otsala azitsikira m'menemo m'malo movunditsa mizu. Pamwamba pake yalani neti yapulasitiki kuti dothi lisalowerere pansi. Pakona imikani kapaipi kofika pansi penipeni, kuti madzi akachuluka muziwakoka ndi jakisoni wopanda singano.

Kenako thirani dothi lokuya masentimita 8 mpaka 10. Sakanizani dothi lopanda feteleza ndi mankhwala, ufa wa makoko a kokonati, ndere yotchedwa sphagnum ndi timakungwa tophwanya. Dothi la m'matumba a maluwa lokhala ndi timiyala toyera musaligwiritse ntchito, chifukwa kanyamaka kakaponya lilime kamatha kumeza kamwala pamodzi ndi kachilombo. Kuya kwa dothi kuli ndi chifukwa: kathazi kamakumba kuti kaikire mazira, ngakhale popanda kamphongo, ndipo kakasowa pokumba mazira amakakamira m'mimba mpaka kufa nawo. Dothilo likhale ngati la kudimba lothiriridwa dzulo: ukalifinya m'manja limagwirana koma silidontha.

Pamwamba pa zonse yalani masamba ouma ochindikala bwino, moti dothi lisaoneke. A mitengo ya oak, beech ndi magnolia sawola msanga. Atoleni kutali ndi msewu ndi malo opoperedwa mankhwala, muwaviike m'madzi owira kwa mphindi zingapo, aume, kenako muwayale. Pomaliza thiranimo tizilombo toyeretsa totchedwa springtails ndi timitundu tating'ono ta isopods. Timadya nkhungu, ndowe ndi masamba ovunda, motero simudzafunika kumakhuthula dothi mwezi ndi mwezi.

Zomera ndi nthambi

Bzalani zomera zamoyo zokonda mthunzi: pothos, Ficus pumila, Fittonia ndi tima fern tating'ono. Zogula kusitolo muzizule mumphika, mutsuke mizu ndi masamba kuti dothi la feteleza ndi mankhwala zichoke. Bzalani mothinana. Mukaima kutsogolo kwa bokosi n'kumuona bilimankhwe nthawi yomweyo, ndiye kuti zomera zachepa. Iye amakhala mwamtendere pokhapokha akamadziona kuti wabisika.

Timapazi take n'tating'ono, sitingagwire nthambi yonenepa. Sankhani timitengo tosaposa pensulo kunenepa kwake, tambiri tocheperapo, ndipo mutipingase chopendekeka kuchokera pansi kufika pakati pa bokosi. Usiku mukaunika ndi tochi mudzamupeza atagona kunsonga kwa kanthambi, thupi litayererako, timapazi titagwira zolimba.

Kutentha, kuwala ndi madzi

Masana mukhale madigiri 20 mpaka 24, usiku kutsike kufika 16 kapena 18. Kukapitirira 27 kwa maola angapo kanyamaka kali pangozi. Nyale yotenthetsa imene amaikira abuluzi a m'chipululu siyofunika. Ikani nyale ya LED yoti zomera zikule, ndi ina ya UVB yamphamvu yochepa, yopangidwira nyama za mumthunzi, yothandiza thupi kugwiritsa ntchito calcium. Ziziyaka maola 12 patsiku, ndipo mulumikize kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa kokha. Nyale ya UVB imatha mphamvu ikuwalabe, choncho muziisintha pa nthawi imene opanga analemba pa katoni.

Chilimwe cha ku Ulaya musachipeputse. Mu July 2022 kutentha ku England kunafika madigiri 40.3, ndipo nyumba za kumeneko zinamangidwa kuti zizisunga kutentha. Pa masiku oterewa zimitsani nyale, tsekani makatani, tsitsirani bokosi m'chipinda chapansi, ndipo ikani pa sefa mabotolo a madzi oundana okutidwa ndi thaulo. Nthawi yozizira vuto limatembenuka: mahita amaumitsa mpweya, ndiye kupopera kumafunika kuwonjezera.

Bilimankhwe samwa m'mbale. Amanyambita madontho pamasamba. Poperani madzi m'mawa nyale zisanayake ndi madzulo zitazima, kulunjika masamba ndi galasi, osati nkhope yake. Chinyezi chikhale pakati pa 60 ndi 80 peresenti, chizikwera usiku, koma masana masamba aziyamba auma musanapoperenso. Bokosi lonyowa nthawi zonse limabweretsa matenda a m'chifuwa ndi zilonda. Madzi a pampopi a ku London ndi madera ena ali ndi laimu wambiri amene amasiya mawanga oyera pagalasi. Madzi amvula oyera kapena osefedwa ndi abwinopo. Gulani kachipangizo ka digito koyeza kutentha ndi chinyezi pamodzi, mukaike pakati pa bokosi.

Mukamaliza zonsezi, lisiyeni bokosi liziyenda lopanda mwini kwa masabata atatu kapena anayi. Lembani manambala m'mawa, masana ndi usiku. Nkhungu yoyera ikatuluka sabata yoyamba musadandaule, ma springtails aithetsa. Manambala akakhazikika ndipo zomera zikayamba kuphuka, nthawi yokatenga kanyama yakwana.

Chakudya

Amadya tizilombo tamoyo tokhatokha. Chakudya chodalirika ndi tintchentche tosauluka totchedwa Drosophila hydei ndi tima cricket tating'onoting'ono, abale ake a nkhululu. Kachilombo kasapose mpata wa pakati pa maso ake. Wamng'ono adye tsiku lililonse, wamkulu azidumpha tsiku. Tizilomboto muzitidyetsa kaye karoti ndi masamba, ndipo musanatiponye m'bokosi mutigwedeze m'kapu momwe muli ufa wa calcium pang'ono, tingoyererako. Ufa wa mavitamini ukhale wa apo ndi apo, chifukwa ukachuluka umadwalitsa kathupi kochepa chonchi. Tima cricket totsala muzitichotsa madzulo, poti timaluma bilimankhwe ali mtulo. Zogwira kuseri kwa nyumba musampatse, mwina zadya mankhwala. Musanagule kanyama, tsimikizani kuti pali sitolo kapena wogulitsa pa intaneti amene angakutumizireni tizilomboti chaka chonse.

Zoyang'anira tsiku ndi tsiku

Wathanzi amakhala maso ali tcheru masana, akuzungulira uku ndi uku. Mukaona akutsinzina dzuwa likuswa mtengo, maso alowa mkati, wasamula kukamwa, wada bii osasintha, kapena akulephera kugwira nthambi, yang'anani kutentha nthawi yomweyo, kenako imbani kwa dokotala wa ziweto. Si onse amene amadziwa zokwawa, choncho pezeranitu nambala ya wodziwa musanafike pa vuto. Mukagwira chilichonse cha m'bokosi sambani m'manja ndi sopo, popeza zokwawa zimatha kunyamula Salmonella, ndipo ziwiya zake musazitsukire potsukira mbale.

Ganiziraninso za ulendo wa kumudzi. Ife timanyamuka mwadzidzidzi kukagwa zovuta, ndipo pa Khirisimasi timakhalitsa. Kanyamaka sikangakhale masiku atatu popanda wopopera madzi, komanso simungakwere nako ndege. Phunzitsani mnzanu wodalirika, wosaopa bilimankhwe, mumuonetse kapoperedwe ndi kadyetsedwe, ndipo mumate pepala la manambala oyenera pambali pa bokosi. Ngati munthu wotero palibe, kapena chipinda chanu chimapitirira madigiri 27 chilimwe chilichonse, musagule kanyamako. Lisiyeni bokosi likhale la zomera zokha, mwana aphunzirirepo kupopera ndi kulemba manambala, mpaka mudzapeze nyumba yozizirirapo ndi munthu wokusungirani mukachoka.