ZILEMBO ZOWERENGA NDI ZALA

Pa 4 Januwale maiko akumbukira kubadwa kwa Louis Braille, amene anakonza zilembo za anthu akhungu. Bungwe la United Nations linayamba kusunga tsikuli m'caka ca 2019. Kuyenera kuti Akristu a kwa Mlolo ndi a m'midzi yonse ya ku Chadiza adziwe mapangidwe a zilembozi, pakuti mwana wakhungu wongokhala pakhonde, anzace ali kusukulu, amanidwa nzeru ndi akulu osadziwa kuti zala nazo ziwerenga.

1. Ciyambi cace

Louis Braille anabadwira ku Coupvray m'dziko la France m'caka ca 1809. Atate wace anali mmisiri wa zikopa. Ali ndi zaka 3, mwanayo anadzilasa m'diso ndi citsulo ca atate wace; nthenda inagwira diso linzace, ndipo maso onse awiri anafa. M'caka ca 1819 analowa sukulu ya akhungu ku Paris, imene anaiyambitsa Valentin Haüy. Mabuku a kumeneko anali ndi zilembo zomwezi ziwerengedwa ndi maso, koma zazikulu ndi zotundumuka pa pepala. Mabukuwo anali olemera, cala cinacedwa kutsata mapindidwe a cilembo, ndipo ana sanathe kulemba okha. M'caka ca 1824, ali ndi zaka 15, Braille anakonza njira ya timadontho, naibukitsa m'buku m'caka ca 1829.

2. Mapangidwe ace

Cilembo ciri conse cikhala m'kacipinda ka malo 6, atatu kumanzere ndi atatu kumanja, kakang'ono kuti nsonga ya cala ikakhudze konse nthawi imodzi. Kadontho kamodzi pamwamba kumanzere ndiko "a". Tiwiri totsatana kumanzere, kuyambira pamwamba, ndito "b". Tiwiri topingasa pamwamba ndito "c". Titatu tonse ta kumanzere ndito "l". Posinthasintha malowo zituluka zizindikiro 63.

Wolemba apanikiza pepala lokhuthala m'cimango ca timaenje, nalibaya ndi kacitsulo kosongoka. Popeza kadontho katundumukira kuseri, iye alemba kuyambira kumanja kunka kumanzere; atatha atembenuza pepala, naliwerenga kuyambira kumanzere. Nchitoyi ifuna dzanja losamala monga la woluka mphasa, cifukwa kadontho kamodzi kosokera kasandutsa cilembo kukhala cina.

3. Kufika kwace ku dziko lino

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba nchito yao ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishoni, anayamba kuphunzitsa akhungu pomwepo, ndipo imeneyo inakhala sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino. Sukuluyo ikalipo kufikira lero, m'cigawo comwe cino ca Kum'mawa.

4. Cimene mpingo ungacite

Mmisiri wa m'mudzi aseme kathabwa, nakumbemo timaenje 6 monga ta nsolo, atatu uku ndi atatu uku. Ngati thabwa lasowa, amai oumba miphika aumbe ka dothi, nakaoce. Mphunzitsi wa Sande sukulu aike njere ya cimanga m'dzenje la pamwamba kumanzere, nagwiritse cala ca mwanayo pomwepo, nachule dzina la cilembo. Tsiku lina aonjeze njere yaciwiri. Kathabwako sikalowa m'malo mwa sukulu ai, koma kakonzeratu zala, ndi kusonyeza makolo poyera kuti mwana wao angathe kuphunzira.

Akulu a mpingo adziwa nyumba iri yonse m'dera lao. Iwo ayendere makolo a ana otere, nawauze za ku Magwero, nafunse aphunzitsi a sukulu ya pafupi za njira yolembetsera mwana. Ndipo mpingo uthandizane pa ndalama za ulendo ndi zobvala, kuti umphawi usatsekere mwanayo khomo.

Mafunso okambirana

(a) Ndi ana angati osapenya amene ali m'midzi ya mpingo uno, ndipo angati ali pa sukulu?
(b) Cifukwa ninji wolemba ndi kacitsulo ayambira kumanja?
(c) Ndani adzasema kathabwa koyamba, ndipo adzakapereka kwa yani?