Phunziro la makolo: Kukonzekeretsa mwana kuyamba sukulu

Kale mwana ankamuyesa pomuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu. Akalephera, ankati sanakule. Masiku ano chimene amaona ndi zaka. Muno mu Zimbabwe mwana amalowa kalasi ya ECD A ali ndi zaka 4, ECD B ali ndi zaka 5, ndipo Giredi 1 ali ndi zaka 6. Chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, nthawi imene mvula ndi ntchito ya fodya zimakhala zili pachimake m'mapulazi a ku Mashonaland. Mukadikira mwezi umenewo mudzapeza kuti mpata palibe. Yambani kudakali miyezi ingapo, chifukwa zinthu zitatu izi zimatenga nthawi.

1. Chikalata cha kubadwa

Mabanja ambiri a m'makomboni ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Agogo ena anamwalira opanda zitupa, ndipo vutoli lafika mpaka kwa ana a lero. Musataye mtima. Gawo 81 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limati mwana wobadwira mu Zimbabwe apatsidwe chikalata cha kubadwa mwamsanga. Gawo 43 limati munthu amene anabadwira muno malamulowa asanatuluke, kholo lake likuchokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwira muno.

Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 atabadwa. Ngati nthawiyo inadutsa, pitanibe ku ofesi ya Civil Registry ya m'boma lanu, kapena ku Bindura, Chinhoyi ndi Marondera. Tengani pepala lakuchipatala losonyeza kubadwa, khadi lakusikelo ndi zitupa zimene muli nazo. Ngati mwana anabadwira pakhomo, funsani za mboni zimene zikufunika. Chikalatachi chidzafunidwanso polembetsa mayeso a Giredi 7. Chikachedwa, musamusunge mwana pakhomo. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu.

2. Chilankhulo

Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino, koma m'sukulu zambiri za ku Mashonaland aphunzitsi amalankhula Chishona ndi Chingerezi. Musasiye Chichewa pakhomo. Mwana amene amamva nthano, kuyankha ndagi ndi kuwerengera nkhuku m'chilankhulo cha amayi ake savutika kuphunzira chilankhulo china.

Komabe muphunzitseni mawu ochepa a Chishona amene adzamuthandize sabata yoyamba. Popereka moni m'mawa anene kuti “Mangwanani”. Potchula dzina ayambe ndi “Ndinonzi”. Akadwala anene kuti “Ndiri kurwara”. Muuzeninso kuti “mvura” m'Chishona ndi madzi akumwa komanso mvula yogwa kumwamba, kuti asadzasokonezeke akamva ludzu. Msiyeni azisewera ndi ana olankhula Chishona, chifukwa pamasewera ndi pamene ana amagwira chilankhulo msanga.

3. Kudzidalira

Mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana ambiri, choncho sangathe kuthandiza aliyense pa chilichonse. Mwana adziwe kupita yekha kuchimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, kuvala, ndi kutchula dzina lake lonse, dzina la kholo ndi dzina la pulazi imene amakhala. Zala zake zizolowere ntchito: aumbe ng'ombe zadothi, ajambule pansi ndi kamtengo, asankhe nyemba.

Sukulu zambiri zimene zinatsegulidwa m'mapulazi kuyambira chaka cha 2000 zinayambira m'nyumba zakale za eni mapulazi ndi m'nyumba zoumitsiramo fodya, ndipo ana ena amayenda mtunda wautali. Yendani naye njirayo kangapo. Muonetseni malo oopsa, mupezereni mnzake wamkulu woyenda naye, ndipo mumuletse kuwoloka mtsinje wodzaza. M'mawa adye phala asananyamuke. Onaninso pa khadi lakusikelo ngati analandira katemera yense.

Nanga ndalama zikasowa?

Lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 limati mwana asachotsedwe sukulu chifukwa cha kulephera kulipira fizi. Palinso thandizo la boma lotchedwa BEAM la ana amasiye ndi a mabanja ovutika. Mayina amasankhidwa ndi komiti ya m'dera, choncho funsani kusukulu nthawi yolembetsa isanadutse. Mwana wolumala nayenso mulembetseni, ndipo mtsikana musamusiye kuti azilera mng'ono wake inu muli kumunda.

Pomaliza, musamuopseze kuti “ukakaona kwa aphunzitsi”. Mwana wamantha safunsa ngakhale asanamve.

Mafunso okambirana pagulu

Ndi ana angati a zaka 4 mpaka 6 m'komboni mwanu amene sanalembetse sukulu? Ndi angati alibe chikalata cha kubadwa? Ndani angaperekeze makolo awo ku ofesi mwezi uno?