Ulendo wa m'chipululu umayambira pa pepala: sayansi ya madzi, mafuta ndi matayala

Ku Malawi kuno kulibe chipululu. Akatswiri amati dera ndi chipululu ngati limalandira mvula yosakwana mamilimita 250 pachaka, pomwe kuno ku Mzuzu timalandira yopitirira 1,000. Ife a ku Chiputula timadziwa bwino matope ndi chifunga, osati mchenga. Zipululu zoyandikana nafe ndi Namib, chomwe chili m'mbali mwa nyanja ya Atlantic ku Namibia, ndi Kalahari, chomwe chatenga mbali yaikulu ya Botswana n'kulowanso ku Namibia ndi South Africa. Mbali zina za Kalahari zimalandira mvula yochulukirapo, koma mchenga umamwa madzi onse, moti mutha kuyenda masiku angapo osaona mtsinje.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndikulemba za ulendo wa kumeneko? Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, kukonza ulendo wotere ndi mayeso a Physics, Biology, Geography ndi Masamu pakamodzi, ndipo amene walakwa salandira 9 ngati pa MSCE, amatha kutaya moyo. Chachiwiri, pakhomo pathu pompano pali Nyika ndi Vwaza, komwe magulu a zachilengedwe a m'sukulu amalakalaka kupita. Kumeneko si chipululu ayi, koma misewu ndi yafumbi, filingi kulibe, netiweki ndi yosadalirika ndipo chipatala chili kutali. Masamu ake ndi omwewo.

Tiyeni tikonze ulendo pa pepala. Tiyerekeze kuti tili anthu 6, galimoto ndi Land Cruiser yokoka matayala onse anayi, ndipo tikakhala kutchire masiku 4.

Madzi: katundu woyamba kukwera

Thupi la munthu wamkulu, pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse ndi madzi, ndipo limafuna kukhala pa madigiri 37. Kunja kukatentha, njira yaikulu imene thupi limadziziziritsira ndi thukuta. Koma dziwani ichi: thukuta siliziziritsa chifukwa choti lanyowetsa khungu. Limaziziritsa pamene likusanduka nthunzi. Kuti madzi asanduke nthunzi amafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo amaitenga pakhungu panu. Lita imodzi ya thukuta ikauma imachotsa kutentha kokwana pafupifupi 2,400 kJ. Kutentha kumeneku n'kokwanira kutenthetsa malita 7 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 100. Mtsuko wa agogo umagwira ntchito chimodzimodzi: madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, n'kuuma, ndiye otsala mkati amazizira.

M'chipululu mpweya ndi wouma kwambiri, moti thukuta limauma musanalione. Malaya amakhala ouma, inu n'kumati zinthu zili bwino, chonsecho munthu woyenda kapena kukumba padzuwa atha kutaya lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi lokha. Ludzu limabwera mochedwa. Chizindikiro chodalirika ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi layamba kuuma. Kenako kumabwera mutu, chizungulire ndi kufooka. Mnzanu akayamba kubwebweta kapena kusokonezeka mutu thupi lili lotentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi yoopsa: muikeni pamthunzi, mumunyowetse ndi kumukupiza, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Tsopano tiwerenge. Ine ndimayika malita 5 akumwa ndi malita 3 ophikira ndi kusamba m'manja, kwa munthu mmodzi patsiku. Amenewo ndi malita 8. Ulendo ndi wa masiku 4, koma tiwonjezere masiku 2 oti mwina galimoto yatifera. Ndiye 8 × 6 × 6 = malita 288. Zigubu za malita 20 zija timatungira madzi mipope ikauma, zifunika 15. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho zigubu 15 zodzaza ndi makilogalamu 300, chimodzimodzi matumba 6 a chimanga. Mwaona? Tisanayike chakudya, madzi okha atenga kale malo a anthu anayi kapena asanu.

Musathire madzi onse mu thanki imodzi. Ikabooka mwataya onse. Ndipo poti thukuta limatuluka ndi mchere, tengani mapaketi a Thanzi ORS. Akatha, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Ku Nyika kuli timitsinje tambiri, ndiye zigubu zitha kuchepa. Komabe madziwo muziwaphitsa kapena kuthiramo WaterGuard, chifukwa nyama nazo zimamwa pomwepo.

Mafuta: werengani mtunda, osati chikhulupiriro

Kuchoka ku Mzuzu timadutsa pa Ekwendeni mumsewu wa M1, n'kukhotera ku Rumphi. Pa Rumphi ndi pomwe muyenera kudzaza thanki, chifukwa mukadutsa Bolero n'kulowa pachipata cha Thazima musayembekezere kugula mafuta. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda, pakati pa Nyika, ndi makilomita opitirira 100. Pa masamu athu tiyike 120. Kupita ndi kubwera ndi 240. Tiwonjezere 100 ozungulira m'paki, akwana 340.

Galimoto imamwa mafuta ambiri pamsewu woipa kuposa pa tala. Chifukwa chake ndi chakuti imayenda m'magiya ang'onoang'ono, injini n'kumazungulira kambiri pa mtunda wochepa, komanso mphamvu ina imathera pokankha mchenga ndi kukwera zitunda. Tiyerekeze kuti yathuyi imamwa malita 15 pa makilomita 100. Ndiye 340 × 15 ÷ 100 = malita 51. Pamwamba pake onjezerani gawo limodzi mwa atatu, la kusochera ndi kubwerera pomwe mlatho waduka: 51 + 17 = malita 68.

Yerekezani ndi Central Kalahari Game Reserve ku Botswana, yomwe inakhazikitsidwa mu 1961 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 52,000. Nyika, yomwe ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno, ndi ya masikweya kilomita 3,000 ndi pang'ono, moti ingalowemo ka 16. Mkati monsemo mulibe pogula mafuta, ndipo njira zambiri ndi mchenga wokhawokha.

Matayala: chifukwa chake amaphwetsako mpweya

Apa ndi pomwe pali funso lomwe limabwera pa mayeso: pressure ndi mphamvu yopanikiza kugawa ndi kukula kwa malo omwe ikupanikiza, P = F ÷ A. Mayi wovala nsapato yosongoka chidendene amatitimira pamchenga wa ku Chikale, pomwe wovala patapata amangoyenda. Kulemera n'komweko, chasiyana ndi malo opondapo. Ngamila ili ndi mapazi otambalala pa chifukwa chomwechi.

Galimoto yathu itasenza katundu tiyike kuti ikulemera makilogalamu 3,000, omwe ndi pafupifupi 30,000 N. Tayala lililonse lanyamula 7,500 N. Ngati m'tayala muli mpweya wa 250 kPa, malo omwe lagunda pansi ndi pafupifupi 7,500 ÷ 250,000 = 0.03 m², kapena kuti 300 cm². Tikaphwetsa mpweya kufika pa 125 kPa, malowo akhala pafupifupi 600 cm². Tayala latambalala kawiri, ndiye likupanikiza mchenga ndi theka chabe. M'malo mokumba, limayandama.

Koma chenjerani. Tayala lophwa limapindika kwambiri likamazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Mukathamanga nalo pa tala litha kuphulika, ndipo mukakhota mwamphamvu litha kuvuka pa limu. Choncho pampu ndi choyezera mpweya zisasiyidwe. Tenganinso matayala apadera awiri, fosholo, chingwe chokokera, ndi thabwa lochindikala loyika pansi pa jeke. Thabwalo ntchito yake ndi P = F ÷ A yomweyo: popanda ilo jeke imangomira.

Popakira, zolemera monga madzi ndi mafuta zikhale pansi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Pamwamba pakwere zopepuka zokha, matenti ndi mabulangete. Katundu wolemera akakhala padenga, malo omwe pakhazikika kulemera kwa galimoto amakwera, ndiye pamsewu wopendekeka imagudubuzika msanga. Mwaonapo malole a makala atagona chammbali? Nkhani yake ndi imeneyi.

Chinanso ndi udzu. Mukamayenda m'njira ya udzu wautali wouma, njere zake zimatseka redieta, injini n'kutentha. Udzu wina umakodwa pafupi ndi ekizozi, pomwe pamatentha kokwanira kuuyatsa. Muziima pafupipafupi n'kuuchotsa, ndipo musayimike galimoto pa udzu wouma injini ili yotentha.

Usiku: dzuwa likalowa nkhani imasintha

Ambiri amadabwa kumva kuti m'chipululu munthu atha kudwala ndi kuzizira. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika 4,200 J, pomwe mchenga umafuna pafupifupi 800 J basi. Ndiye mchenga umatentha msanga masana, n'kuziziranso msanga usiku. Kuwonjezera apo, nthunzi ndi mitambo zimakhala ngati bulangete lobweza kutentha kwa nthaka. M'chipululu bulangetelo kulibe, kutentha kumangothawira kumwamba. N'chifukwa chake ku Kalahari m'miyezi ya June ndi July usiku kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana, pomwe ku Nkhata Bay nyanja imasunga kutentha usiku wonse.

Ku Nyika kuzizira kumabweranso ndi kukwera. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi pafupifupi madigiri 6.5. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, Chelinda ili pamwamba pa 2,000, ndipo nsonga ya Nganda ndi yopitirira 2,600. Ngati ku Chiputula mu July mano amagwedezeka m'mawa, ganizani za kumtundako, komwe udzu umayera ndi chisanu. Ngakhale kuphika kumasintha: pamwamba mpweya supanikiza kwambiri, madzi amawira pa madigiri 92 kapena 93 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zimachedwa kupsa. Zinyiketseni m'madzi usiku, kapena tengani usipa ndi soya.

Kuzizira kukavuta, wina amanena kuti "tilowetse mbaula mu tenti". Mukanire. Makala akamayaka pomwe mpweya wabwino ndi wochepa amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu. Umakakamira ku haemoglobin ya m'magazi kuposa oxygen ka 200, munthu n'kumwalira ali mtulo osadziwa kanthu.

Posankha pogona, pewani khwawa louma ngakhale mchenga wake ndi wofewa bwino. Mvula itha kugwa kumapiri kutali inu osaiona, madzi n'kukupezani pakati pa usiku. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'paki gonani malo ovomerezeka okha, ndipo poyenda pansi muzikhala ndi msilikali wa nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Ku Vwaza, pa nyanja ya Kazuni, njovu ndi mvuu zimayenda usiku. Kumeneko kulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, yomwe imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Valani zotuwa, zamanja aatali, ndipo mukamva malungo mutabwerako muwauze adokotala komwe munapita.

Kudziwa njira, ndi kudziwitsa anthu

GPS ya mu foni sidalira netiweki ya TNM kapena Airtel. Imamva mauthenga ochokera ku masatelayiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo ikamva anayi imatha kuwerenga pomwe muli. Chomwe chimafuna intaneti ndi mapu. Choncho atsitseni mu foni musananyamuke, ndipo tenganinso mapu a pepala ndi kampasi, zomwe sizitha batire. Zonse zikakanika, zikani kamtengo pansi m'mawa, lembani pomwe pathera chithunzithunzi chake, dikirani theka la ola, lembaninso. Mzere wolumikiza malo awiriwo ukulozerani, mosalakwa kwambiri, kumadzulo ndi kum'mawa; chizindikiro choyamba ndiye cha kumadzulo.

Musananyamuke, siyani pepala kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa makolo: njira yomwe mudutse, nambala ya galimoto, maina a onse, ndi tsiku lobwerera. Lembaninso pachipata cha paki. Ngati n'kotheka yendani magalimoto awiri, poti mutu umodzi susenza denga. Ndipo galimoto ikafa m'chipululu, musaisiye. Ili ndi mthunzi, madzi anu onse ali momwemo, ndipo ofufuza amaiona msanga kuposa munthu woyenda pansi. Pumani masana, gwirani ntchito m'mawa ndi madzulo. Kalilole wa galimoto, mukamunyezimiritsa padzuwa, amaoneka patali makilomita angapo.

Yesani nokha

1. Gulu la anthu 8 likupita ku Kalahari masiku 5. Pogwiritsa ntchito malita 8 patsiku ndi masiku 2 apadera, zifunika zigubu zingati za malita 20? Zilemera bwanji?

2. Galimoto imamwa malita 20 pa makilomita 100 mumchenga, ulendo ndi wa makilomita 600, ndipo thanki yake ndi ya malita 90. Mukawonjezera gawo limodzi mwa atatu, ndi malita angati oyenera kunyamulidwa kunja kwa thanki?

3. Tengani mabotolo awiri a madzi ofanana. Limodzi likulungeni ndi sokosi yonyowa, linalo ndi youma, muwayike pamthunzi podutsa mphepo. Pakatha ola limodzi yezani kutentha kwa madzi onse awiri, ndipo fotokozani zomwe mwapeza.

Mayankho a funso 1 ndi 2 mukawapeza, aphatikizeni ndi kulemera kwa anthu, chakudya ndi matenti, kenako mufunse dalaivala aliyense pa depoti kuti galimoto yotere imaloledwa kusenza makilogalamu angati. Mukatero mudziwa ngati gulu la anthu 8 lija linganyamuke pa galimoto imodzi.