PHUNZIRO LA SABATA INO: "CLEAVE", MAWU AMODZI OKHALA NDI MANO AWIRI

Werengani: Genesis 2:24, Rute 1:6-18, Machitidwe 11:19-26



Pitani pa ukwati uliwonse muno mu Lusaka, kaya kuno ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Kabwata kapena ku Chelstone, mudzamva abusa akunena mawu awiri achingerezi, leave ndi cleave, mpingo n'kuyankha kuti Amen. Loyambalo tonse timalidziwa, ndi kusiya. Manje lachiwirilo, kodi munalifufuzapo? Sabata ino tiyeni tikhale pansi tilisende bwinobwino, chifukwa likukhudza ukwati wanu, anzanu amene mumayenda nawo, ndi mmene mukuyendera ndi Mulungu.

1. Mawu amodzi, matanthauzo awiri otsutsana

Mukatsegula dikishonale mudzadabwa. Cleave amatanthauza kumamatira, kukangamira, kuphatikana osalekana. Koma cleave yemweyo amatanthauzanso kuwaza, kung'amba pakati ngati nkhwangwa pa chipika. Chimpeni chachikulu chija cha ku butchala chodulira mafupa amachitcha cleaver. Mwana akabadwa ndi mlomo wogawanika, a chipatala amalemba cleft, ndipo akuchokera ku mawu omwewo.

Zinatheka bwanji? M'Chingerezi chakale kwambiri anali mawu awiri osiyana: cleofan, kung'amba, ndi clifian, kumamatira. Popita zaka katchulidwe kake kanafanana mpaka anasanduka amodzi. Baibulo la King James, limene linatuluka mu 1611, lili ndi onse awiri. Pa Genesis 22:3, pamene Abrahamu ankawaza nkhuni za nsembe, mawu ake ndi clave. Pa Rute 1:14, pamene Rute anakana kusiyana ndi apongozi ake, mawu ake ndi clave yemweyo. Mabaibulo achingerezi atsopano anawasiya pofuna kupewa chisokonezo: pa Genesis 2:24 NIV imati united, ESV imati hold fast.

Gwirani mfundo iyi, abale: simungamamatire chinthu chimodzi popanda kudukako ku china. Kumamatira kulikonse kuli ndi nkhwangwa yake.

2. Guluu wa m'Malemba

M'Chiheberi mawu a pa Genesis 2:24 ndi dabaq. Mpaka lero ku Israeli guluu amamutcha devek, kuchokera ku muzu womwewo. M'Chigiriki, pamene Yesu anabwereza vesi limeneli pa Mateyu 19:5, ndi Paulo pa Aefeso 5:31, mawu ake akuchokera ku kolla, kutanthauza guluu.

Pitani mukaone akalipentala a ku Kalingalinga mmene amalumikizira matabwa. Sangothira guluu chabe. Amayamba apala, kuchotsa fumbi ndi penti yakale, ndipo akapaka guluu amapanikiza matabwawo n'kuwasiya mpaka aume. Thabwa lafumbi siligwira. Thabwa limene mukulisunthasuntha lisanaume siligwiranso. Ndipo matabwa akagwirana zenizeni, ukawakanganula amang'ambika onse awiri, lililonse limachoka ndi zidutswa za linzake. N'chifukwa chake Paulo pa 1 Akorinto 6:16-17 akugwiritsa ntchito mawu omwewa pochenjeza za chigololo, kenako pokamba za munthu wophatikana ndi Ambuye. Palibe "tinangocheza chabe". Pamene thupi laphatikana, mtima umasiyapo chidutswa.

3. Guluu sasankha

Apa m'pofunika kutchera khutu. M'Baibulo mawu amenewa sanena za zabwino zokhazokha.

Pa 1 Mafumu 11:2, Solomo anamamatira akazi achilendo amene Mulungu analetsa. Anali ndi akazi 700 ndi adzakazi 300, ndipo atakalamba anam'tembenuza mtima. Nzeru anali nazo, koma guluu wake anagwira polakwika.

Pa 2 Mafumu 5:27, Gehazi atathamangira siliva ndi zovala za Namani n'kunamiza Elisa, khate la Namani linam'mamatira iye ndi mbumba yake. Anafuna kuti chuma chim'kangamire, chinam'kangamira ndi china.

Pa Luka 15:15, mwana wolowerera ndalama zitam'thera anadziphatika kwa nzika ya dziko lakutali, ndipo anathera kodyetsa nkhumba.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa ulimbo. Mbalame imatera pa kamtengo poganiza kuti ikupuma, koma pofuna kuuluka mapazi akana. Ena a ife ulimbo wathu ndi kubetcha pa foni, ena ndi kaloba, ena ndi nambala ija imene tinaisunga ndi dzina labodza, ena ndi mkwiyo wa zaka khumi pa m'bale wathu. Wolemba Salimo 119:25 anavomera kuti moyo wake wamamatira ku fumbi, ndipo anapempha Mulungu amutsitsimutse. Funso si lakuti kodi mwamamatira, chifukwa mtima wa munthu sukhala wopanda pogwira. Funso ndi lakuti mwamamatira pa chiyani.

4. M'banja: kusiya kumayamba, kuphatikana kumatsatira

Onani dongosolo la Genesis 2:24. Mwamuna ayambe wasiya atate ndi amayi ake, kenako aphatikane ndi mkazi wake. Kusiya kumeneku si kutaya makolo ayi. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi likadalipo, ndipo kutumiza thandizo ku Chipata kapena ku Petauke ndi udindo wabwino. Koma ngati nkhani ya m'nyumba mwanu imafika kwa amayi anu isanafike kwa akazi anu, ngati malipiro anu achemwali anu amawadziwa koma amuna anu sawadziwa, ndiye kuti fumbi likadali pa thabwa. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tinenenso ichi momveka. Muno mu Zambia anthu amaseka kuti ukwati ndi shipikisha club, kutanthauza kungopirira. Cleave si shipikisha. Lamulo la kuphatikana linayamba kunenedwa za mwamuna, ndipo Aefeso 5:28-29 akuti mwamuna asamale mkazi monga thupi lake lomwe. Munthu womenya mkazi wake wasankha cleave wa nkhwangwa, si wa guluu. Mayi, bambo, ngati mukumenyedwa kapena kuopsezedwa, musabise poganiza kuti ndiko kukhulupirika. Uzani abusa ndi alangizi, ndipo pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza zotere kuyambira 2011. Kufuna chitetezo si kupandukira Mulungu.

5. Rute: kumamatira pamene palibe chodyapo

Pa msewu wochoka ku Mowabu panaima akazi amasiye atatu. Naomi analibe mwamuna, analibe ana, analibe chowalonjeza. Olipa analira, anapsompsona apongozi ake, n'kubwerera kwawo. Rute naye analira, koma anakangamira. Onse awiri anali ndi misozi, kusiyana kwake kunali pa mapazi.

Ndipo onani mano awiri aja: kuti Rute amamatire Naomi ndi Mulungu wa Israeli, anadukako ku dziko lake ndi milungu yake. Anayamba ndi kukunkha barele m'munda wa Boazi ku Betelehemu. Anabala Obedi, Obedi anabala Yese, Yese anabala Davide, ndipo dzina la Rute lili pa Mateyu 1:5 mu mzere wa makolo a Yesu. Tsiku limene ankasankha, zonsezi sankaziona.

6. Kumamatira Ambuye, osati munthu

Uthenga utafika ku Antiokeya, mpingo wa ku Yerusalemu unatuma Barnaba. Ataona chisomo cha Mulungu anakondwa, ndipo pa Machitidwe 11:23 analimbikitsa onse kuti atsimikize mtima kukhalabe ndi Ambuye. Sanawamange kwa iye mwini. Anapita ku Tariso kukatenga Saulo, ndipo awiriwo anaphunzitsa mpingowo chaka chathunthu. Kumeneko ndi kumene ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Koma chilengezo sichingamamatire m'malo mwanu. Lero tili ndi okhulupirira amene Lachisanu ali ku overnight uku, Lamlungu ali kwa mneneri uko, mwezi wamawa asamukira kumene kwamveka zozizwitsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lemekezani atumiki a Mulungu, koma guluu wanu ugwire pa Khristu, kuti munthu akakukhumudwitsani chikhulupiriro chisagwe naye limodzi.

Eleazara pa 2 Samueli 23:10 anamenya nkhondo mpaka dzanja linatopa n'kumamatira ku lupanga. Kutopa kunalipo, koma lupanga silinagwe. Gwirani Mawu motero.

Ntchito ya sabata ino

Tengani pepala, ligaweni pawiri. Mbali ina lembani chinthu chimodzi chimene muyenera kudukako, ndipo chitanipo kanthu lisanafike Lachitatu: fufutani nambala ija, chotsani app ija, ululani ngongole ija kwa mnzanu wa m'banja. Mbali inayo lembani munthu mmodzi amene munam'taya pamene zinthu zinam'vuta, ndipo mumuimbire foni. M'mawa uliwonse werengani vesi limodzi mwa awa: Deuteronomo 10:20, Yoswa 23:8, Salimo 63:8, Aroma 12:9.

Tipemphere

Atate wathu wakumwamba, Inu simunatisiye ngakhale pamene ife tinatayirira. Tikupempha Mzimu Woyera adule ulimbo uliwonse umene wagwira mapazi athu. Chotsani fumbi m'mabanja mwathu, tetezani amene akuzunzidwa, ndipo mutipatse mtima wa Rute, wokhala pamene ena akubwerera. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Nenani mokweza: Ndadukako ku zakale. Ndamamatira kwa Yesu. Sindibwerera m'mbuyo. Aleluya!

Mukhale ndi sabata lodala, ndipo tumizani phunziroli kwa m'bale amene akulifuna.