Chimene Amagula Wogula Malo Odyera

Anzanga, munthu akagula malo odyera a banja lina, kodi wagula chiyani? Mapoto, mbale, mabenchi ndi mbaula mtengo wake ngodziwika, pakuti zimenezi zimapezeka pamsika. Koma pali chinthu china chosaoneka chimene kawirikawiri chimaposa zonsezi mtengo, ndicho dzina la malowo pamodzi ndi anthu amene anazolowera kudyapo. M'mabuku athu a zamalonda chinthu chimenechi chimatchedwa goodwill. Ndifuna kuchilongosola ndi nkhani ya ku America.

M'chaka cha 1940 abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, anatsegula malo odyera mumzinda wa San Bernardino, ku California. Mu 1948 anachepetsa mitundu ya zakudya, nakonza khitchini yawo mwakuti munthu sankadikira. Buledi wokhala ndi nyama yogaya pakati, wotchedwa hamburger, ankagulitsa masenti 15, ndipo anthu a mumzindamo anawakonda malowo kwambiri.

Tsono mu 1954 kunabwera Ray Kroc, munthu wogulitsa makina osakanizira zakumwa za mkaka. Iye ataona unyinji wa anthu, anapangana nawo kuti azitsegula malo ena m'dzina lawo, ndipo oyamba ake anatsegula mu 1955 ku Des Plaines. Pofika 1961 anagula bizinesi yonse ndi madola 2.7 miliyoni.

Apa mpamene pali phunziro. Abale aja anakana kupereka malo awo oyamba a ku San Bernardino, pakuti ndiwo anali pamtima pawo. Koma dzina linali litapita. Ngakhale linali dzina lawo lobadwa nalo, sanaloledwenso kulilemba pachikwangwani, kotero malowo anawatcha Big M. Kroc anatsegula McDonald's watsopano chapafupi pomwepo, anthu natsata dzina, ndipo patapita zaka zowerengeka Big M anatsekedwa. Ena amati Kroc anachita nkhanza, ndipo ine sinditsutsa. Komabe ndiona kuti iye ankadziwa bwino chimene analipirira.

Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa ambiri a ife fizi yathu imachokera m'tiyirumu kapena m'lesitilanti ya makolo. Tsiku lina abambo adzakalamba, ana tili kutali kuntchito, ndipo kudzabwera munthu ndi ndalama m'thumba. Wogulitsa ayenera kulemba papepala, pamaso pa mboni, ngati dzina likupita kapena likutsala, ndiponso ngati iye aloledwa kutsegula malo ena pafupi. Mawu apakamwa ngovuta kuwatsimikizira pamlandu.

Wogula naye asangodalira zimene wauzidwa. Aone mabuku a ndalama, afunse za ngongole ndi lendi ya nyumba, ndipo akhale pabenchi masiku angapo kuwerenga olowa. Koma choposa zonse afunse kuti, "Kodi amaphika ndani?" M'malo aang'ono a banja dzina limakhala m'manja mwa munthu mmodzi, mwina mayi amene amadziwa kukazinga chambo ndi kuthyakula nsima monga anthu akondera. Abale a McDonald anali atakonza ntchito yawo mwakuti wantchito aliyense akanatha kuiphunzira, nchifukwa chake dzina lawo linagulika. Kwathu kuno mayi uja akachoka, wogula ayenera kupangana naye kuti atsale miyezi ingapo kuphunzitsa wophika watsopano, ndipo malipiro a miyeziyo awerengedwe pamtengo.