Kulemba pa kompyuta osayang'ana zala

Funso: Bambo, ndine mtsikana wa Fomu 4 ku Nathenje, ndikulakalaka kukaphunzira ku Bunda. Pa kompyuta ndimadina ndi zala ziwiri, maso ali pansi. Ndingatani kuti ndizilemba osayang'ana?

Yankho: Mwanangu, papasa mabatani a F ndi J, umva timizere totukuka. Pamenepo ndi kwawo kwa zala zamkombaphala. Zala zakumanzere zikhale pa A, S, D, F. Zakumanja ziyambire pa J, K, L mpaka batani lotsatira. Chala chachikulu ntchito yake ndi batani lalitali la mpata. Chala chikapita kukadina chilembo china, chizibwerera kwawo.

Phimba manja ndi kansalu, uziyeserera mphindi 15 tsiku lililonse. Masiku oyamba uzichedwa kuposa kale, usadabwe. Kompyuta ikasowa, jambula mabatani pa katoni uzizolowetsa zala kunyumba.