Kukaonetsa ana dziko ndi ndalama ya tiyi

Kwa banja la kwa Mphuka ku Thyolo lomwe limadalira esiteti ya tiyi, ndalama imaoneka kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi akamaphukira ndi mvula. Koma nthawi imeneyonso misewu yotsika m'mapirimu imakhala yoterera, a kabaza amakweza mitengo, ndipo mayi akaweruka kothyola amafika msana uli gwa. Choncho ndalama ya ulendo isungeni nthawi ya mvula, ulendowo muyende kukauma, ana akatsekera sukulu.

Kusungako kusakhale kwa pansi pa mphasa, chifukwa tsiku losowa mchere mudzaitenga. Ikani kubanki m'khonde kapena pa Mpamba kaya Airtel Money, pang'onopang'ono malipiro aliwonse. Bambo ndi mayi mugwirizane poyera kuti iyi ndi ya ulendo wa ana. Ndalama yomwe akuidziwa munthu mmodzi sichedwa kusochera.

Kopita kusakhale kutali. Msewu wa M2 wodutsa pa Thyolo boma ukukwanirani mbali zonse ziwiri. Mukalowera ku Luchenza mufika pa Chonde, pomwe pamachitikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala. Mukapita nthawi ya mwambowo, ana akaonako tchopa, koma anthu amachuluka zedi, ndiye wamng'ono akhale kumsana. Mukapitirira mpaka pa Chitakale n'kukhotera ku Likhubula, mwafika patsinde pa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Kukwera phiri si kwa ana. Aone madzi, adye, ajambulidwe pafoni, basi. Padziwe la kumeneko asasambe okha, miyala yake ndi yoterera ndipo madzi ndi ozizira koopsa. Mukalowera ku Limbe, pitani nawo ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya pa Chichiri, komwe panja pali mitu ya sitima zakale. Kwa mwana yemwe galimoto yaikulu yomwe amaidziwa ndi thirakitala yonyamula tiyi, zimenezi akazikamba mwezi wathunthu.

Chimene chimadya ndalama si yolipira polowa ayi, ndi thiransipoti ndi zogulagula za m'njira. Musanakwere minibasi, mvanani ndi kondakitala za mwana amene mumunyamule pamiyendo, kuti mkangano usabuke potsika. Ndalama yobwerera ikhale payokha, yomangidwa pansonga ya chitenje, ndipo isakhudzidwe ngakhale mwana alirire tchipisi motani. Pa Bvumbwe kapena pa Luchenza ogulitsa amaunjikana pazenera, ndipo mwana wanjala sangakumvereni. M'dyetseni phala asananyamuke. M'thumba muikemo mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, chigumu, ndi botolo la madzi owiritsa. Thobwa ndi labwino, koma musatseke botolo kwambiri kukatentha, lingakunyowetsereni zovala zonse.

Musaiwale buku la kuchipatala la mwana aliyense, paketi ya Thanzi, matewera kapena nsalu zosinthira, ndi juzi. Kuno chiperoni sichipangana ndi munthu, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mwana akadzuka thupi litatentha, ulendo wa tsikulo ndi wakuchipatala kukayezetsa malungo, Mulanje sathawa. Mukakagona kwa achibale, nyamulani neti yanu ndi kaufa, musakalemetse eni nyumba.

Nyamukani m'mamawa ndipo pofika 3 koloko masana mukhale mutayamba kubwerera. Kukada, kabaza wochokera pamsewu waukulu amatchula mtengo womwe wafuna.

Nanga masiku ena onsewa? Ana safuna ndalama kuti asangalale. Mpira wa chikulunga, phada, fulaye, masanje, galimoto zamawaya, zonsezi zipangizo zake zili pakhomo pomwepo. Chomwe chimasowa ndi munthu wamkulu woyang'anira. Makolo onse akapita kuntchito, musasiye khanda m'manja mwa mwana wazaka 7 pafupi ndi moto kapena chitsime. Gwirizanani ndi anansi muzisinthana, kapena alembetseni kusukulu ya mkombaphala. Madzulo agogo awaimbire nthano, ngakhale m'Chilomwe, ana amve ndithu chilankhulo cha kwawo.

Malipiro akubwerawa, patulani kangachepe koyamba musanalowe mumsika, ndipo anawo muwauze komwe mudzapite kuti azikukumbutsani.